Mtima wanga umagunda ka 92, wa bambo a kunyumba ka 54: wodwala ndani?

Funso: Ndine mayi wa zaka 46, ndimakhala ku Chinamwali ndipo ndimagulitsa zitenje mumsika wa Zomba. Mwana wathu anatigulira kamakina koyezera BP. Manambala awiri apamwamba amakhala bwino, monga 126 ndi 80, koma yachitatu yolembedwa PUL imasewera pakati pa 88 ndi 96 ngakhale ndangokhala. Ya bambo a kunyumba, omwe amapalasa njinga kukapikula nsomba ku Kachulu, imakhala 54. Mnzanga wina akuti wanga ndiye mtima wamphamvu, wa bambowo ukufooka. Wina akuti wodwala ndine, mpaka wandigawira mapiritsi ake a atenolol. Zoona ndi ziti?

Yankho: Mayi, mapiritsiwo abwezereni mwini wake, musamwe ngakhale limodzi. Pa zimene mwalembazi, 54 ya bambo siyodetsa nkhawa ngati iwo akupeza bwino m'thupi. Yanuyo ili mkati mwa malire, popeza mtima wa munthu wamkulu amene wangokhala umayenera kugunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi. Koma ili chakumapeto, ndiye ndi bwino kufufuza chimene chikuukankha mtimawo. Kuno kwathu, kawirikawiri chinthucho sichipezeka mumtima, chimapezeka m'magazi kapena kwina m'thupi.

Nambala ya PUL ikukuuzani kuti mtima wafinya kangati pa masekondi 60. Manambala awiri apamwambawo akunena zina: mphamvu imene magazi akukankha nayo makoma a mitsempha. Ziwirizi siziyendera limodzi nthawi zonse. Munthu akhoza kukhala ndi BP ya 180 mtima ukugunda mofatsa ka 68, ndipo mayi amene akutaya magazi atangobereka mtima umathamanga kupitirira 120 pamene BP ikutsika. Choncho bambo asanamizidwe ndi 54 yawoyo, aziyang'anabe manambala apamwamba. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa.

Kuti mumvetse chifukwa chake nambala yochepa nthawi zambiri imakhala yabwino, tione mmene mtima umagwirira ntchito. M'chipinda chakumanja chapamwamba cha mtima muli kagulu ka maselo kamene kamatulutsa timphamvu tamagetsi, ndipo kamphamvu kalikonse kamachititsa mtima kufinya kamodzi. Kaguluka pakokha kangathe kuthamangitsa mtima ka 100 pa mphindi. Chimene chimaubweza ndi mtsempha wa mauthenga wochokera ku ubongo wotchedwa vagus. Mukachita mantha, mukathamanga kapena mukadwala, thupi limatulutsa mankhwala ake achilengedwe otchedwa adrenaline, mtsempha uja umalekerera, mtima nkufulumira.

Thupi la munthu wamkulu amene wangokhala limafuna magazi okwana pafupifupi malita 5 pa mphindi. Mtima wa munthu wamba umakankha mamililita 70 ukafinya kamodzi, ndiye umafunika kufinya ka 70 kuti malitawo akwane. Zili ngati pa mjigo: wamphamvu amakanikiza chigwiriro mpaka pansi ndipo ndowa imadzaza atapopa kangapo chabe, pamene wofooka amagwedeza pang'onopang'ono kambirimbiri kuti madzi omwewo akwane. Mtima wa munthu amene kwa zaka wakhala akupalasa njinga yolemera ndi dengu la nsomba kuchokera ku nyanja ya Chilwa unakhwima, umadzaza bwino ndipo umakankha magazi ambiri nthawi imodzi. Sufunika kufulumira. Akabaza, asilikali, osewera mpira ndi anyamata otsitsa nkhuni ndi matabwa kuchokera kuphiri ambiri amapezeka pa 50 ndi kanthu, ndipo akatswiri othamanga mitunda italiitali amafika m'ma 40. Mnzanu woyamba uja anatembenuza nkhani.

Kugunda kochedwa kumasanduka vuto kukabwera ndi zizindikiro: chizungulire, mdima m'maso poimirira, kukomoka, kutopa kosadziwika bwino, kapena kulephera kukwera chitunda chimene munthu ankakwera bwinobwino. Njira yachidule yoonera ndi iyi. Bambo ayende mofulumira kwa mphindi zitatu, kenako awerenge. Mtima wathanzi umakwera msanga kufika 90 kapena 100 nkutsikanso akapuma. Ukakakamira m'ma 40 munthu akuchita wefuwefu, ndiye kuti mwina mauthenga amagetsi sakudutsa bwino kuchoka m'zipinda zapamwamba kupita m'zapansi, vuto limene limapezeka kwambiri mwa okalamba ndipo limaoneka pa ECG, makina ojambula timphamvu tamagetsi ta mtima. Mankhwala monga atenolol, propranolol ndi digoxin nawonso amachedwetsa mtima, chimodzimodzi chithokomiro, kachiwalo ka kutsogolo kwa khosi, chikamagwira ntchito mofooka. Gogo wa zaka 75 amene sachita zolimbitsa thupi koma mtima wake uli pa 42 apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino.

Tibwere kwa inu. Musanadandaule ndi 92, tsimikizani kuti ndi nambala yanudi ya mtima wopuma, chifukwa ambiri amayeza pa nthawi yolakwika. Kungofika kuchokera kumsika, kutula katundu nkukhala pampando si kupuma. Nthawi yabwino ndi m'mawa mutangodzuka, mutapita kukataya madzi, musanamwe tiyi komanso musanayambe kusesa kapena kukoleza moto. Khalani pansi mphindi zisanu osalankhula, msana utatsamira, miyendo osaipingasa. Ngati mukuyeza masana, padutse theka la ola chimwereni tiyi kapena khofi, ndipo padutse ola kapena awiri chigwirireni ntchito yolemetsa.

Phunziraninso kuwerenga ndi zala, musadalire makina okha. Tembenuzani dzanja lamanzere chikhatho chiyang'ane kumwamba. Ikani nsonga za chala chamkombaphala ndi chapakati za dzanja lamanja pamkono, pansi penipeni pa tsinde la chala chachikulu, mu kampata kamene kali pakati pa fupa la m'mphepete ndi mtsempha wolimba uja umene umatukuka mukafumbata. Kanikizani pang'ono. Mukakanikiza kwambiri mutseka mtsemphawo ndipo simumva kanthu. Musagwiritse ntchito chala chachikulu, pakuti chili ndi kugunda kwakekwake kumene kumasokoneza, makamaka poyeza munthu wina. Yang'anani wotchi kapena foni, werengani kwa masekondi 30 nkuchulukitsa kawiri. Ena amawerenga masekondi 15 nkuchulukitsa kanayi, koma pamenepo mukaphonya kugunda kumodzi mwalakwitsa ndi 4. Ngati pamkono pakuvuta, gwirani pakhosi pambali pa kholingo, mofewa, mbali imodzi yokha. Kukanikiza mbali zonse ziwiri kungakukomoleni.

Chitani zimenezi masiku asanu ndi awiri otsatizana ndipo muzilemba kumapeto kwa kabuku kanu ka kuchipatala. Nambala imene ikubwerezabwereza ndiyo yanu. Makina amathanso kunama: mabatire akafooka, mukamalankhula, mkono ukamagwedezeka, kapena mtima ukamagunda mosalongosoka. Kamakina kena kopanira pachala, koyeza mpweya wa m'magazi ndi kugunda kwa mtima, kamasokonezeka zala zikazizira, monga m'mawa wa mu Juni kuno ku Zomba, kapena zikhadabo zikapakidwa utoto.

Pali chinthu chimene zala zimamva bwino kuposa makina, ndipo kwa ife nchofunika kuposa nambalayo: kayendedwe ka kugundako. Mtima wabwino umaponda mofanana, di, di, di. Mwa ana ndi achinyamata umafulumirako pang'ono pokoka mpweya nkuchedwerako potulutsa, ndipo zimenezo nzabwinobwino. Kudumpha kamodzi mwa apo ndi apo, kumene munthu amamva ngati mtima waima kenako wagunda mwamphamvu, kumachitikira anthu ambiri athanzi, makamaka akatopa kapena akamwa tiyi wambiri. Koopsa ndi kugunda kopanda dongosolo nkomwe, kwina kofulumira, kwina kochedwa, kwina kwamphamvu, kwina kosamveka, ndipo kukupitirira choncho mphindi yonse. Mukamva zotero werengani masekondi 60 athunthu ndipo mukapimitse ECG. Nthawi zambiri amenewo ndi matenda otchedwa atrial fibrillation: zipinda zapamwamba zimangonjenjemera m'malo mofinya, magazi amadikha m'menemo nkuundana, ndipo kachibuluma kakathothoka kamakatseka mtsempha wa mu ubongo. Chiopsezo cha sitiroko chimakwera pafupifupi kasanu. Kumaiko a azungu matendawa amagwira kwambiri okalamba, koma kuno timawaonanso mwa anthu a zaka 20 ndi 30 amene mavalavu a mtima wawo anaonongeka ali ana, chifukwa cha zilonda zapakhosi zoyamba ndi mabakiteriya zimene sizinachiritsidwe ndi penicillin. Nchifukwa chake mwana wa sukulu akamadandaula pakhosi thupi likutentha, kapena mfundo zikamatupa mosinthanasinthana, musamangomugulira panado pagolosale.

Tinene kuti mwayeza bwino sabata yonse, kugunda nkolongosoka, koma nambala ikadali 90. Kodi zili ndi kanthu? Inde, pang'ono. Mtima wogunda ka 70 umafinya maulendo 100,800 pa tsiku, wogunda ka 90 umafinya maulendo 129,600. Komanso mnofu wa mtima umalandira magazi akeake makamaka pa kanthawi kamene wamasuka pakati pa kugunda kuwiri, ndipo ukafulumira kanthawi kameneko ndi kamene kamafupika. Ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, akatswiri anatsatira abambo pafupifupi 2,800 kwa zaka 16, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2013 zinaonetsa kuti amene mtima wawo unkagunda ka 81 mpaka 90 ankamwalira mowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi amene unkagunda ka 50 kapena kucheperapo. Ku Norway, kafukufuku wina wa mu 2011 anapeza kuti anthu amene nambala yawo inachoka pansi pa 70 nkupitirira 85 m'zaka khumi anali pa chiopsezo chachikulu chofa ndi matenda a mitsempha ya mtima. Izi ndi ziwerengero za magulu a anthu, sizikulosera za munthu mmodzi, ndipo amayi mwachibadwa mtima wawo umagunda mofulumirako pang'ono kuposa abambo. Phunziro lake ndi lakuti nambala ikasintha pamakhala chifukwa. Munthu amene wakhala pa 84 moyo wake wonse sakutidetsa nkhawa ngati amene chaka chatha anali pa 68 lero ali pa 88.

Kwa mayi wa msinkhu wanu, choyamba kuchiganizira ndi kuchepa kwa magazi. Magazi akachepa mphamvu, lita iliyonse imanyamula mpweya wochepa, ndiye mtima umazungulitsa magazi omwewo mofulumira kuti ziwalo zisasowe. Zaka zoyandikira kusiya kusamba, amayi ambiri amataya magazi ochuluka mwezi ndi mwezi, ena chifukwa cha zotupa za m'chiberekero, ndipo amazolowera nkumaona ngati ndi mmene zimakhalira. Onjezerani malungo obwerezabwereza, njoka zam'mimba, likodzo kwa amene amasamba kapena kuchapa m'madzi odikha a kuchigwa cha Chilwa, ndi chakudya chosowa ayironi. Dzifunseni: kodi mumatopa msanga, kupuma kumakuvutani pokwera chitunda, mumamva mtima ukugunda m'makutu usiku, kapena mumalakalaka kudya dothi? Tsitsani chikope chapansi pagalasi. Mkati mwake muyenera kukhala mofiira, osati motuwa. Koma maso amanyenga, chotsimikiza ndi kuyeza Hb, mulingo wosonyeza ngati magazi achepa. Kwa mayi wosayembekezera iyenera kukhala 12 kapena kuposa, kwa woyembekezera 11, kwa bambo 13. Ikapezeka yotsika mudzapatsidwa mapiritsi a ayironi. Amadetsa chimbudzi ndipo ena amawadzimbitsa, koma musawasiye. Amamwedwa mpaka miyezi itatu magazi atabwerera kale, kuti nkhokwe ya m'thupi idzazenso. Musamwere tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Ndipo chimene chikutayitsa magaziwo chifufuzidwe, apo ayi mudzabwerera pomwepo. Zakudya monga usipa, matemba, chiwindi, nyemba, bonongwe ndi chisoso zimathandiza, makamaka mukadyera limodzi ndi bwemba, malalanje kapena gwafa.

Kutentha thupi kumakweza kugunda ndi 10 pa digiri iliyonse, choncho munthu wa malungo amene thupi lafika 39 akhoza kukhala pa 100 mtima uli bwinobwino. Matenda okhalitsa monga TB amachitanso chimodzimodzi mwakachetechete. Ngati pali chifuwa cha masabata awiri, thukuta la usiku kapena kuonda, kayezetseni makhololo. Kuchepa kwa madzi m'thupi nakonso nkofala kwa anthu a mumsika, amene amadziletsa kumwa poopa kusiya malonda kupita kuchimbudzi, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, madzi akuchepa. Yesani kuwerenga mutagona, kenako muimirire mphindi imodzi nkuwerenganso. Kukwera ndi 10 kapena 15 nkwabwinobwino. Kukwera ndi 30 kapena kuposa, pamodzi ndi chizungulire, kukusonyeza kuti madzi kapena magazi achepa kwambiri. Kwa wotsegula m'mimba, mtima wothamanga koma womveka mofooka pamkono ndi chizindikiro chakuti Thanzi ORS ayambe pomwepo ulendo wa kuchipatala uli mkati.

Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira muyeso, mtima umathamanga usana ndi usiku, munthu amaonda chikhalirecho akudya kwambiri, manja amanjenjemera, amamva kutentha anzake akumva bwino, ndipo nthawi zina khosi limatupa kapena maso amatong'oka. Zimapezeka kwambiri mwa amayi ndipo zimadziwika poyeza magazi. Kusintha kwa m'thupi pa nthawi yosiya kusamba kumabweretsanso kutentha kwadzidzidzi ndi mtima wothamanga kwa mphindi zingapo. Ngati pali mwayi woti muli ndi pakati, dziwani kuti mimba imakweza kugunda ndi 10 mpaka 20. Zina nzodziwika: tiyi wakuda makapu anayi kapena asanu pa tsiku, khofi, zakumwa zopatsa mphamvu za m'mabotolo, fodya wosuta ndi wofwenkha yemwe, mowa, kusagona, ndi nkhawa ya ngongole kapena ya pakhomo. Mankhwala a mphumu monga salbutamol ndi aminophylline, komanso ena a chimfine otsegula mphuno, amafulumizitsa mtima.

Nthawi zina vuto limakhaladi mumtima. Mtima wofooka umakankha magazi ochepa, ndiye umalipira pofulumira. Zizindikiro zake ndi kutupa mapazi, kubanika mukagona chagada mpaka kufuna mapilo awiri kapena atatu, ndi kudzidzimuka usiku mpweya utatha. Mayi amene wangobereka m'miyezi yapitayi akaona zimenezi asachedwe, chifukwa pali kufooka kwa mtima kumene kumabwera ndi uchembere.

Tsopano mukuona chifukwa chake atenolol wa mnzanu ndi woopsa. Mankhwalawa amatchinga adrenaline, ndipo nambala idzatsikadi. Koma ngati mtima ukuthamanga chifukwa magazi achepa, kuthamangako ndi kumene kukukusungani. Mukakuletsa mudzafooka kwambiri kapena kukomoka, matenda enieni akupitirira osaoneka. Kwa munthu wa mphumu akhoza kutseka chifuwa. Kwa wa shuga amabisa zizindikiro zoti shuga watsika. Ndipo amene anayamba kale kumwa sayenera kusiya mwadzidzidzi, popeza mtima umabwezera nkuthamanga kuposa poyamba, choncho mnzanuyo akudziikanso pangozi pogawa ake. Mankhwala a mtundu umenewu amapulumutsa miyoyo ya odwala ena a mtima akaperekedwa ndi dokotala, koma palibe umboni woti kutsitsa nambala ndi mapiritsi kumatalikitsa moyo wa munthu amene alibe matenda a mtima.

Mukamaliza sabata yoyeza ija, ngati nambala ya m'mawa ikupitirirabe 90, kapena ili m'ma 80 koma muli ndi zina mwa zizindikiro zimene tatchulazi, pitani ku chipatala chaching'ono chapafupi monga cha Matawale mutatenga kabuku kanu ndi mankhwala onse amene mukumwa, azitsamba omwe. Pemphani kuti akuyezeni kutentha kwa thupi, malungo, Hb ndi shuga, akugwireni pamkono mphindi yathunthu ndi kumvetsera mtima. Akaona kuti pakufunika ECG, kuunika mtima kapena kuyeza chithokomiro, adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Zomba Central, ndipo zovuta kwambiri zimapita ku Queens ku Blantyre. Ngati mtima umayamba kuthamanga mwadzidzidzi kufika 150 kapena kuposa mutangokhala, kenako nkusiya mwadzidzidzinso, lembani nthawi imene wayamba, nambala yake ndi kutalika kwake, chifukwa mukamafika kuchipatala ECG ikhoza kupezeka yabwinobwino ndipo zolemba zanuzo ndi zimene zidzatsogolere dokotala.

Zina siziyembekeza kuti kuche: kupweteka kapena kulemera pachifuwa kofalikira ku mkono kapena kunsagwada, kubanika mutangokhala, kukomoka, mtima wopitirira 120 osatsika mutapuma, wotsika pansi pa 40 muli maso, kapena kupindika kamwa, kulephera kulankhula ndi kufooka mbali imodzi. Pamenepo pezani galimoto, osati kupalasa njinga kapena kuyenda wapansi. Malire onsewa ndi a akuluakulu. Khanda limagunda ka 100 mpaka 160 lili bwinobwino, choncho musayeze mdzukulu nkuchita mantha.

Zoyeza zonse zikatuluka bwino, chotsala ndi kuulimbitsa mtimawo. Kuimirira pa benchi tsiku lonse kumatopetsa, koma sikulimbitsa mtima. Umafunika ntchito yopitirira imene ikukwezeni mpweya. Bungwe la WHO limalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata, monga mphindi 30 masiku asanu. Mulingo wake ndi woti muzitha kulankhula koma osatha kuimba. Kwa inu, kutsika minibasi kapena kabaza patali ndi msika nkumaliza wapansi mofulumira kungakwanire, ndipo Loweruka mukhoza kuyamba kukwera msewu wa Ku Chawe, mphindi 10 zokha chokwera sabata yoyamba, nkumaonjezera mphindi 5 sabata iliyonse. Pa msinkhu wanu, kugunda kwa 105 mpaka 125 mukuyenda ndi kokwanira. Chepetsani tiyi afike makapu awiri, nyamulani botolo la madzi la malita awiri kumsika ndipo lithe pofika madzulo, mchere usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi pa tsiku, ndipo muzigona maola 7 kapena 8. Musayembekezere kusintha m'masiku ochepa. Nambala imatsika pang'onopang'ono, kawirikawiri ndi 5 kapena kuposerapo pang'ono pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mukasiya kuyenda imakweranso m'masabata ochepa. Pa nthawiyi muziyeza kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo ndi ola lomwelo, osati kasanu pa tsiku, chifukwa kuyeza ndi mantha pakokha kumakweza nambala.